A Nesi, Amene Anazula Chigayo Chawo

Chaka chatha mwezi ngati uno, mpunga utayamba kufiira m'dambo la Domasi, tinaika m'manda amayi anga aakulu, achemwali awo a amayi anga ondibala. Dzina lawo la ubatizo linali Edina, koma ndikukayika ngati alipo ankalidziwa kupatula abusa. Kwa wina aliyense anali a Nesi, popeza anagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba mpaka kupuma. Anasiya munthu mmodzi m'nyumba, mzime wawo Limbani, bambo wa imvi kale m'mutu koma wa nzeru za mwana. Kumusiya kumeneko ndi kumene ankakuopa kuposa imfa yeniyeniyo.

Sanabise. Tsiku lina la Lachinayi, amayi a mumpingo atasonkhana m'tchalitchi, aliyense ankatchula chimene akufuna kuti anzake amupempherere. Wina anatchula mwendo, wina mwamuna womwa. Itafika nthawi yawo, a Nesi anaimirira ndi ndodo yawo n'kunena kuti, "Ine mundipempherere kuti Limbani atsogole. Ndikufuna ndidzamuike ndekha." Mayi busa anayesa kuwakonzera mawu, amvekere mwina agogo akutanthauza kuti Mulungu awasunge onse awiri. Iwo anawadula: "Iyayi mayi, mwamva bwinobwino. Ndikatsogola ine, ndani mwa inu adzamusambitse? Imikani mkono ndikuoneni." Palibe anaimika mkono. Ine ndinalipo, ndipo ndinachita manyazi mpaka kulakalaka pansi patang'ambika, koma mkono wanganso unali pamiyendo.

Anali munthu wovuta, tisanamizane chifukwa anatisiya. Moni wawo sunali wa pakamwa. Ukafika pakhonde pawo, pamene ankakhala pa mpando wa nsungwi woyang'ana kumsewu, ankakukodola kuti uwerame, n'kukukoka chikope cha m'munsi ndi chala kuti aone ngati uli ndi magazi okwanira. Akaona mofiira, ndiye ankafunsa kuti wadzuka bwanji. Akaona motuwa, unkayamba walandira mwano wa chifukwa chimene sukudyera bonongwe. Anakokapo chikope cha mkulu wa mpingo atabwera kudzawayendera, mkuluyo n'kungoima chilili ngati mwana wa sukulu. Limbani anazolowera moti m'mawa uliwonse, asanasambe n'komwe, ankapita yekha pampandopo, kuwerama, n'kudikira chala cha amake.

Chimene ankadana nacho kwambiri ndi kufunafuna munthu wolakwa pamene thupi langochita za thupi. Ndinazionera pa ine ndemwe. Nditapitirira zaka makumi anayi ndinapita padera kawiri motsatizana. Kwathu kuno zikatero amayi okhaokha amakataya kamwanako mwakachetechete, m'dzenje losazama, popanda kulira mokweza, kuti mimba ya mayiyo isatsekeke. Koma akangobwerako, pakamwa m'pamene pamatseguka. Apongozi anga anati mwina wina wosayenera anathira mchere m'ndiwo. Achemwali anga anati ndi tsempho, bambo a kunyumba ayenera kuti anayenda njira zina ine ndili woyembekezera. Banja langa linatsala pang'ono kutha, pakuti nanenso ndinayamba kuwayang'ana bambowo ndi diso lina.

A Nesi anandiitanitsa. Ndinawapeza akupeta mpunga, ndipo sanandipepese ngakhale pang'ono. Atandikoka chikope anati, "Khala apo, Rute, umve. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse. Onse! Nkhokwe yake inadzazidwa kamodzi kokha, iye akali m'mimba mwa amake, ndipo palibe kukololanso. Mwamuna mbewu yake imapangidwa tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake amayenda modzikuza. Koma iwe, dzira limene linakhwima mwa iwe chaka chino lili ndi zaka zimene uli nazo iweyo. Ukuganiza kuti chinthu chingakhale zaka zonsezo osakhudzidwa ndi kanthu?"

Anandifotokozera tsiku limenelo zimene ndinadzawamva akubwereza kwa amayi ambiri, mpaka ena ankathawa akawaona akuyamba. Ankati m'kati mwa dzira lililonse muli timaulusi tosaoneka ndi maso, timene tasunga malangizo onse a kapangidwe ka munthu. Dzira likamadikira nthawi yake, timaulusito timatha kuthetheka kapena kuduka, nthawi zina chifukwa cha mankhwala aukali, nthawi zambiri chifukwa cha zaka basi. Dzira limadziwa kusoka pamene paduka pang'ono. Pakawonongeka kwambiri, limadzifera lokha mwakachetechete, mwini wake osamva kanthu, ndipo mazira ambiri a mkazi amatha choncho osagwirapo ntchito. Apa ankagwedeza lichero lawo n'kunena kuti thupi nalo limapeta. Koma dzira likamakhwima liyenera kugawa timaulusi take pakati, theka kusunga, theka kutaya, kuti mbewu ya bambo idzakwaniritse. Chimene chimagwira timaulusito awiriawiri kuti tigawike bwino chinaikidwa mkazi asanabadwe, ndipo sichikonzedwanso. Chimatha mphamvu ngati lasitiki wa siketi yakale. Kusoka kuja kumayambanso kufooka, ndipo dzira lolakwika, limene pa utsikana likanaimitsidwa panjira, pa ukulu limatha kudutsa. Mimba imayamba, koma siifika patali.

"Si mchere, si mfiti, si mwamuna wako," anatero. "Ngati ali ndi milandu ina umufunse pa ina, koma uwu umuchotsere."

Ndinawafunsa, mwamantha, kuti nanga Limbani. Anasiya kupeta. "Limbani ndi dzira langa limene linadutsa ndi kaulusi kamodzi kowonjezera. Anzake otero ambiri amathera m'dzenje losazama lija. Iyeyu anakana kufa." Kenaka anawonjezera, monga ankachitira nthawi zonse kuti asanamize munthu, kuti zotere zimagweranso atsikana nthawi zina, ndiponso kuti amayi ambiri achikulire amabereka ana abwinobwino; onsewo anawalandirapo ndi manja awo. Zina mwa izi anaziphunzira pa ntchito, koma zambiri ankachita kuzikumba kwa madokotala achinyamata a ku Zomba akapita ndi Limbani kukapimitsa mtima. Ankawapanikiza ndi mafunso mpaka dokotala kuyang'ana kukhomo.

Limbani anabadwa iwo ali ndi zaka zopitirira makumi anayi, ana awo awiri atakula kale. Amati atangomuona maso opendekeka, khosi lalifupi ndi thupi lofewa ngati lopanda mafupa, sanafunse munthu, anadziwiratu okha. Anachedwa kukhala, anachedwa kuyenda, ndipo lilime lake linakhala lolemera mpaka lero. Koma anali mwana wokondwa, wosadziwa kusunga mangawa. Anthu poyamba ankangomumvera chisoni. Zinthu zinasintha pamene a Nesi ndi amuna awo, a Likaka, anapuma pa ntchito n'kugula chigayo, chokhacho m'dera lathu lonse panthawiyo.

Kwathu kuno nyumba ikakhala ndi chigayo komanso mwana wosalongosoka m'mutu, anthu safunsa zambiri. Amati makolo anamukhwimira, anatenga nzeru zake n'kuziika m'chigayo kuti chizigaya chuma. Zoti mwanayo anabadwa choncho chigayo chisanalotedwe n'komwe, palibe ankazikumbuka. Limbani naye ankachikonda chigayocho. Ankakhala pa mwala wa pakhomo kuyambira m'mawa, mutu uli mbuu ndi ufa, akuuza aliyense wofika kuti, "Takulandirani, ikani pamzere." Amayi ankaika matumba awo pamzere ndithu, koma akunong'onezana kuti ndondocha ija ili pantchito. Kenaka ana awiri akuluakulu a a Nesi anamwalira motsatizana, m'zaka zija matenda ankasesa achinyamata m'midzi yonse, a Likaka nawo n'kuwatsatira. Nyumba zambiri zinaika ana nthawi imeneyo, koma za nyumba iyi yokha ndi zimene anthu anati chigayo chadya.

A Nesi anamenya nkhondo ndi pakamwa zaka zambiri. Ankaimitsa mzere wonse n'kuyamba za nkhokwe yodzazidwa kamodzi ija, injini ikulira kumbuyo kwawo. Amayi ankavomera ndi mutu, pofuna kuti ufa wawo utuluke. Wina anandiuzapo ine ndemwe, osadziwa kuti ndine wachibale, kuti, "Mayi amene uja ngochenjera. Anagwira ntchito kuchipatala, ndiye amadziwa kuphimba ndi Chingerezi."

Chimene chinathyola msana chinachitika chaka china m'nyengo yozizira. Limbani anadwala chibayo, amake n'kukagona naye kuchipatala ku Zomba. Sabata yomweyo injini ya chigayo inafa. Chinali chitsulo china chimene chinatha, ndipo wokonza anachita kukachifuna ku Blantyre. Tsoka lake, chitsulocho chinafika tsiku limene Limbani anatuluka m'chipatala. Iye anakhala pamwala pake masana, madzulo chigayo chinalira. Dera lonse linati umboni wina ungafunikenso wotani. Kuyambira pamenepo ana anayamba kumugenda akamapita kumjigo, ndipo tsiku lina anabwera magazi ali chuchuchu pamphumi, akuseka, akuganiza kuti anali masewera.

A Nesi anamusambitsa n'kumumanga bala. Patapita masiku ochepa, dzuwa lili pamutu, pakhomo pa chigayo panaima lole. Anyamata amene anabwera nayo anayamba kumasula mabawuti a injini, amayi ali pamzere ndi chimanga chawo. A Nesi anali atagulitsa chigayocho kwa munthu wa kutali, ku Liwonde, pamtengo wongotaya, n'cholinga choti chichoke msanga ndiponso aliyense aone. Mbiri inathamanga, anthu anadzaza. Achimwene awo, amalume a Waisoni, amene anali mwini mbumba yathu, anafika panjinga ali wefuwefu.

"Achemwali, mwapenga kodi?" anakuwa. "Mukuzula chiyani?"

"Ndikuzula bodza," anayankha a Nesi. Kenaka anatembenukira gulu lija, atamugwira Limbani padzanja. "Mumati nzeru za mwana wanga zili m'chitsulo ichi. Chabwino, chikupita. Mumuyang'ane mwanayu lero, mudzamuyang'anenso chaka chamawa. Akadzasintha, mudzanditche mfiti pamaso. Akapanda kusintha, mumusiye mwana wanga aziyenda."

Amalume anawakokera pambali, koma mawu awo aliyense anawamva. "Inu mukuganiza kuti anthu amafuna umboni? Mverani ine. Chigayo ichi ndiye ndodo ya mwanayu. Inu mukadzapita, abale adzalimbirana kumusunga chifukwa cha chigayochi, ngakhale akumuopa. Mukachichotsa mwamusiya ndi chiyani? Ndani amasunga munthu wotere kwaulere?"

"Ndiye azimusunga ngati chizimba?" anafunsa a Nesi. "Bola afe ndi njala akutchedwa munthu."

"Njala simukuidziwa inu," anatero amalume, n'kukwera njinga yawo. Sanalankhulane zaka zingapo, ngakhale pamaliro ankakhala motalikirana.

Limbani analira pamene lole inkanyamuka, ndipo anaithamangira mpaka pamlatho. Chaka chinatha, china chinatha, iye osasintha, monga amake ananenera. Koma palibe anabwera kudzapepesa. Ena anati chimene wapereka kwa asing'anga sichibwezedwa. Ena anati angosamutsira mankhwalawo kumunda wa mpunga, poti munda wawo unkabereka. Ndipo popeza tsopano amayi ankayenda mtunda wautali ndi chimanga pamutu kukafuna chigayo china, amene kale ankangowaopa anayamba kudana nawo. Ine ndimawakonda amayi anga aakulu, ndipo tsiku lija ndinawanyadira mpaka misozi. Koma ndikanena zoona, amalume ndi amene anawadziwa anthu.

Ndikuganiza kuti a Nesi nawonso anadzazindikira, ngakhale sakanavomera ndi pakamwa pawo. Chimene chinasintha n'chakuti anasiya kuphunzitsa mudzi n'kuyamba kuphunzitsa Limbani. Anamuphunzitsa kukoleza mbaula, kuphika mpunga, kuchapa malaya ake, kukhoma chitseko, kumwa mapiritsi ake a mtima. Ankamuphunzitsa mwankhanza. Akalakwitsa ankamubwerezetsa mpaka alire, iwo ali gwa pampando, osamuthandiza ngakhale ndi chala. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinati, "Amayi, mumupha mwanayu." Anandiyang'ana ndi maso ouma n'kuti, "Ndikamunyengerera ine, adzamunyengerere ndani? Iweyo?" Patapita zaka Limbani ankaphika mpunga woyoyoka kuposa wanga, ndipo akaupakula ankayembekezera kuti umuyamikire.

Koma anandiuzanso chinthu china chimene madokotala aja anawauza, chimene chinkawasowetsa tulo. Anthu obadwa ngati Limbani amakalamba msanga. Kaulusi kowonjezera kaja sikasiya ntchito yake. Pofika zaka za pakati ambiri amayamba kuiwala, ndipo zimene anaphunzira movutikira zimayamba kuchoka chimodzichimodzi. "Ndikudzaza madzi m'ndowa yobooka, ndikudziwa," anatero. "Tikukalamba limodzi ine ndi iyeyu. Funso ndi lakuti afike ndani poyamba." Apa m'pamene panachokera pemphero la m'tchalitchi lija. Amene analimva anati ndi mayi wouma mtima. Ine ndikuti sindinaonepo chikondi choopsa ngati chimenecho.

Pemphero lawo silinayankhidwe. M'mawa wina akuyanika mpunga pabwalo anagwa, mbali imodzi ya thupi n'kufa, pakamwa n'kupotoka. Limbani ndi amene anapita kwa oyandikana nawo kukanena kuti amama agona padzuwa. Kuchipatala anakhalako masiku owerengeka, osalankhula, maso ali kukhomo. Nditabwera naye Limbani, iye anapita pabedi n'kuwerama monga mwa masiku onse. Dzanja limene linali likugwirabe ntchito linakwera pang'onopang'ono, linamukoka chikope, ndipo anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka dzanjalo linatsika. Anamwalira tsiku lotsatira.

Titabwerako kumanda, abale tinakhala pansi kukambirana za katundu. Munda wa mpunga wa kudambo anthu anaulimbirana mpaka kutukwanizana. Zoti muli mankhwala anaziiwala tsiku limenelo. Itafika nkhani ya Limbani, aliyense anayamba kuyang'ana zala zake. Msuweni wanga wina ananena mosabisa kuti, "Munthu ameneyu ali ndi zake. Mwini wake wa zinthuzo wapita, nanga zikatembenukira ana athu?" Amalume a Waisoni, amene tsopano saona bwino, anangopukusa mutu n'kunena chapansipansi kuti, "Ndinanena ine." Sananene mokondwa. Limbani anali pomwepo, akutolera makapu a tiyi. Ndinamutenga ine kupita naye kwathu ku Naisi, ndipo musanditamande. Ndinangokhala womaliza kuimirira, ena onse atachoka.

Zimene amake ankaopa zinayamba mvula isanathe. Amaika poto pambaula yopanda moto n'kukhala pansi kudikira. Amavala malaya awiri, kapena kuiwala kuti wadya. Masiku ena amanditcha amama, masiku ena amandifunsa mwaulemu kuti ndine ndani, ndiponso kuti minibasi yopita kwawo inyamuka liti. Mpunga uja sangauphikenso. Zaka zonse zija za misozi pambaula zikutha ine ndikuona, ndipo ndimakwiya, kaya ndikukwiyira ndani.

Dzulo, pokumbukira kuti chaka chakwana, ndinapita naye kukalambula pamanda, kenaka tinadzera kunyumba. Kwathu kuno nyumba yopanda munthu siichedwa kuvulidwa: amayamba ndi zitseko, kenaka mafelemu a mawindo, kenaka malata. Ya a Nesi yatha chaka ili chiimire. Palibe lata lazulidwa, loko ali momwe ndinamukhomera, ndipo mapapaya akupsa n'kugwa okha, ana osawatola. Udzu wamera mpaka pakhonde, ndipo kanjira kamene kankadutsa pabwalo pawo kupita kumjigo kanafa. Anthu anatsegula kena kozungulira kuseri kwa nthochi. Ngakhale akuba akukhulupirirabe.

Kanyumba ka chigayo kali pambali, kopanda chitseko. M'kati muli simenti yokhayokha ndi mabawuti a dzimbiri otuluka pansi pamene panali injini. Mwala wa pakhomo uja ulipo. Ndinkaganiza kuti Limbani akhalapo, koma anaudutsa osauyang'ana n'komwe, ngati sanauonepo. Anapita molunjika pakhonde, pamene mpando wa nsungwi uja ukadali moyang'ana kumsewu, chiswe chitayamba kale kudya miyendo yake.

Anaima patsogolo pa mpandowo, anaika manja kumbuyo, anawerama, n'kutsegula maso kwambiri. Ndinamuitana kuti tizipita, minibasi zitithera. Sanatembenuke. Anakhala chiweramire, akudikira chala.